Difu Yowotcherera ndi Maliro a Nangondo

Kalekale, osati kale la nyanda ndi mikondo ayi, koma kale la dzanadzanali, msewu wopita kumapiri uli ndi kaphula kotalika ngati lamba wa mwana wasukulu basi, panali bambo wina dzina lake a Kamchacha. Ntchito yawo inali yokoka magalimoto ofera panjira. Anali ndi chigalimoto chawo cha bulekidauni, chija chokoka ndi matayala onse anayi, ndipo pachipumi pake analembapo ndi penti yofiira kuti MUSALIRE. Anthu anangochitcha Musalire.

Musalire anali ndi mphamvu zosayenera galimoto. Akuti tsiku lina anamumanga tcheni ku chitsa cha mkuyu kuti achizule, koma chitsa chinakana kusiyana ndi nthaka yake. Ndiye Musalire anangokoka munda wonse, chinangwa ndi nandolo yemwe, n'kukausiya tsidya la mtsinje. Mlandu wa malire sunathebe mpaka pano.

Koma mphamvu za galimotoyo zinkachepa ukaziika pambali pa ukali wa mwini wake. A Kamchacha ankadzuka atakwiya kale. Ankakalipira tambala polira msanga, mawa lake n'kumukalipiranso polira mochedwa. Injini ikakana kulira sankatsegula boneti. Ankangoiyang'ana n'kuitchulira makolo ake onse, yokha n'kulira ndi mantha. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatha kuwazimitsa, mkazi wawo Nangondo. Iye ankawasiya abwebwete mpaka thovu, kenako n'kungofunsa kuti, "Bambo a Lekisoni, mwatha?" Iwo n'kukhala pansi.

Ana anali atatu. Woyamba Lekisoni, wowotcherera zitsulo, amene kwa iye vuto lililonse padziko linali zitsulo ziwiri zosowa wozilumikiza. Wachiwiri Bizaliele, wogulitsa masipeya a galimoto pamsika, munthu wovala tayi ngakhale pogulitsa bawuti imodzi. Wotsiriza Dolika, ndipo ndiye ankayendetsa Musalire chichitire ng'ala maso a bambo ake. Anyamata awiriwa anali asakuyankhulana kwa zaka ziwiri, chifukwa Lekisoni atapemphedwa kukonza chitseko cha shopu ya mng'ono wake, anachiwotcherera mwini wake ali mkati. Kuyambira pamenepo mawu awo onse ankadzera mwa Dolika, ngakhale atakhala pa benchi imodzi.

Tsono dzinja lina zinachitika zamanyazi. Musalire, wokoka anzake, anatitimira m'matope pamaso pa anthu a msika wonse, n'kukokedwa ndi ng'ombe ziwiri za mlimi wa fodya. Vuto linali difu. Difu ndi chimphika chachitsulo chokhala pakati pa matayala awiri, mkati mwake muli timagiya togawira matayalawo mphamvu. Galimoto ngati Musalire imakhala ndi ziwiri, ina kutsogolo, ina kumbuyo. Difu wamba ili ndi mtima wa kholo lopusa: tayala likagwera poterera n'kuyamba kuzungulira pachabe, iyo imapereka chakudya chonse kwa mwana waulesiyo, tayala loponda pouma n'kumangoima ndi njala.

A Kamchacha anaitana ana onse atatu pansi pa galaja. "Ng'ombe!" anatero. "Galimoto yanga kukokedwa ndi nyama yodya udzu! Nenani, tiikemo difu yanji?"

"Ababa, nkhani yake n'njapafupi," anatero Lekisoni. "Titsegule chimphikacho, ndiwotcherere timagiya tonse tikhale chinthu chimodzi. Matayala azizungulira limodzi, palibenso waulesi. Matope adzatithawa okha."

"Dolika, umuuze mkulu wakoyo kuti galimoto si geti," anatero Bizaliele akukonza tayi. "Pokhota, tayala lakunja limafulumira, lamkati limadikira. Difu yowotcherera sidziwa kudikira. Paphula, ndi katundu kumbuyo, idzadya matayala, kenako idzathyola shafiti, chitsulo chozunguza tayala chija. Ababa, kuli difu yanzeru, ya timbale mkati. Tayala lina likayamba kupalasa pachabe, timbaleto timagwirana n'kugawirako linzake. Pokhota imalolera. Yokokera magalimoto ndi imeneyo."

"Dolika, umuuze wataiyo kuti mbale n'za kukhitchini. Tayala limodzi likalendewera m'mwamba, timbale taketo timangosisita ngati namwino."

"Nonse awiri simuyendetsa," anatero Dolika. "Ine ndikufuna ya kandodo. M'matope ndikoka kandodo, matayala amangana. Paphula ndikankha, amasukana. Woganiza ndikhale ine, osati chitsulo."

"Ipezeka kuti imeneyo?" anafunsa bambo ake.

"Tichite kuitanitsa kutauni. Mwina mwezi."

Alongo ake anaseka onse awiri, koyamba m'zaka ziwiri kuseka chinthu chimodzi. "Mwezi!" anatero Lekisoni. "Ndipo tsiku lina udzaiwala kandodoko uli kalikiliki kuyankha foni." Dolika anakusunga kusekako pamalo abwino.

A Kamchacha anamenya ndodo yawo pa mgolo mpaka nkhuku zinathawa. "Ndinkati ndabala amakaniko, kani ndabala maloya atatu! Tamverani. Asakhudze munthu galimoto yanga mpaka ndiganize ndekha. Wokhudza ndimuthyola zala."

Sanapeze nthawi yoganiza. Sabata yomweyo Nangondo anadwala kwambiri n'kugonekedwa kuchipatala cha kuboma, ndipo a Kamchacha anakamanga msasa pansi pa mtengo kunja kwa wodi, akukalipira udzudzu ndi aliyense wobwera ndi phala lozizira.

Kunyumba kunatsala galimoto ndi anthu atatu odziwa zonse. Masana ena Lekisoni analowa pansi pa Musalire n'kuwotcherera difu yakumbuyo, gwa! Potuluka anati, "Dolika, umuuze uyo kuti kumbuyo ndamanga." Patapita masiku awiri Bizaliele anabwera ndi difu ya timbale pa wilibala, yochotsa m'galimoto ina yofera kuseri kwa msika, n'kuiika kutsogolo. Inalowa bwinobwino, mabawuti onse anagwira. Naye anati, "Dolika, umuuze uyo kuti kutsogolo kwalowa sukulu."

"Ine ndine positi ofesi?" anatero Dolika chamumtima. Sanauze uyu, sanauze uyo, sanauzenso bambo ake. Azionera okha, anatero.

Kenako Nangondo anatisiya.

Mwambo unali woti akaikidwe kwawo, kwa Dzamalala, kuseri kwa mapiri. Mwini mbumba, mlongo wake wa malemu, a Dzinkambani, anatsika kudzatenga thupi. Bambo ameneyu anali asanawakhululukire a Kamchacha chitengereni mlongo wake chitengwa zaka makumi anayi zapitazo. A Kamchacha atanena kuti bokosi likwere Musalire, a Dzinkambani anayang'ana galimotoyo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Alamu, mlongo wanga si minibasi yakufa kuti akwere chokokera mitembo ya magalimoto. Ndapeza lole yaulemu."

A Kamchacha anameza mawu amene akanagwetsa denga. Bokosi linakwera lole pamodzi ndi amayi a kutchalitchi oyimba nyimbo, iwo n'kukhala kutsogolo pambali pa mlamu wawo, aliyense atayang'ana zenera lake. Ana anauzidwa kuti azibwera pambuyo ndi Musalire, atanyamula nkhuni.

Pamenepa mumvetse bwino. Kwa Dzamalala manda sagona opanda kanthu. Adzukulu, okumba manda aja, akakumba m'mawa, dzenjelo liyenera kulandira mwini wake dzuwa lisanalowe. Thupi likapanda kufika, amatsitsamo thunthu la nthochi n'kukwirira, kuti dzenje lisaitane munthu wina wamoyo. Ndipo wochedwayo sakumbiridwanso pakati pa abale ake. Amakamuika kumphepete, kwa alendo. Manda a Nangondo anali atakumbidwa kale, pambali pa a mayi ake.

Dzuwa lili paliwombo, lole yaulemu ija inalowa m'dambo la Mtsukamiyendo n'kutitimira mpaka m'mimba. Dalaivala anaponda moto, injini inamwa madzi, inatsokomola kawiri, zii. Pomwepo foni ya a Dzinkambani inalira. Anali mkulu wa adzukulu, ndipo ankayankhula mokweza moti onse anamva: dzuwa likangokhudza nsonga ya phiri, iwo akwirira nthochi.

"Alamu," anatero a Dzinkambani, mawu atachepa ngati a mwanapiye, "ana aja ali pambuyo ndi chigalimoto chija?"

"Chigalimoto chake chiti?"

"Chija... chokokera."

"Chokokera mitembo ya magalimoto chija? Chimene mlongo wanu sangakwere chija? Chili ndi dzina. Litchuleni."

"Musalire."

"Onjezani kuti 'chonde'. Makutu anganso achita ng'ala."

Posakhalitsa Musalire anatulukira, Dolika pachiwongolero, Bizaliele pambali pake, Lekisoni pamwamba pa nkhuni. Dolika anakoka giya ya folowilu, ija yolowetsa matayala onse anayi pa ntchito, n'kudutsa m'mbali mwa lole, m'matope ofika m'mawondo, ngati akudutsa pabwalo losesa. Anamanga tcheni. A Kamchacha anatsika n'kuima pambali. Maso analibe, koma makutu anali a mleme.

Musalire anabangula. Matope anauluka mpaka anadetsa akhwangwala amene ankadutsa m'mwamba, otsala n'kuthera pa suti ya a Dzinkambani. Lole inagwedezeka, inadandaula, kenako inazuka ngati dzino lovunda. Amayi anaimba aleluya. Koma a Kamchacha nkhope inali itachita mdima.

"Matayala akumbuyo apalasa onse awiri," anatero. "Difu yanga sichita zimenezo. Wakhudza galimoto yanga ndani?"

"Ndine, Ababa," anatero Lekisoni, chifuwa patsogolo. "Mwamva nokha mmene yakokera."

"Wawotcherera? Chitsiru cha munthu, wawotcherera difu yanga?" Ndodo inakwera m'mwamba n'kuima pomwepo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lole inali itatuluka, ndipo aliyense anaona chimene chaitulutsa. A Kamchacha anatsitsa ndodo n'kuloza bokosi.

"Tamverani nonse atatu. Amene afikitse mayi anu kumanda dzuwa lisanalowe, makiyi a Musalire ndi ake mpaka kale. Amene andichedwetse, ndodo iyi ndiithyolera pamsana pake. Ndalumbira pa bokosi ilo."

Anakwera mu Musalire, pakati pa Dolika ndi Bizaliele, ulendo n'kuyambika, lole yakufa ikutsatira pa tcheni. Atatuluka m'dambo anafika pa kaphula kaja. Paphula folowilu safuna, ndiye Dolika anakankha giya kuti aichotse. Giya inakana. Anakankhanso ndi manja awiri, giya gwa, ngati yamera mizu.

"Ababa, ndiime kaye. Folowilu yakana kutuluka. Pafunika timasule tcheni, ndibwerere m'mbuyo pang'ono kuti imasuke."

"Uime? Mayi ako ali m'bokosi, dzuwa lapendeka, anthu akudula nthochi, iwe uime? Ponda!"

Dolika anatsegula pakamwa. Akanangonena kuti m'galimotomo mwalowa manja awiri osadziwana, mwina bambo ake akanamva. Koma anayang'ana tayi ya Bizaliele, anakumbukira kuseka kuja, anatseka pakamwa n'kuponda.

Abale inu, Musalire anayamba kuvina. Ankadumpha ngati chule paphulusa lamoto, matayala akulira ngati nkhumba zinayi zopita kumsika. Kutsogolo kunkafuna kukafika kwa Dzamalala lero, kumbuyo kunkafuna kukafika mawa. Atafika pokhota pa mlatho, panamveka phwaa! Mbalame zinauluka m'mitengo mpaka tsidya lija. Musalire anaima chilili pakati pa msewu.

Dolika anamanga chitenje chake ngati kabudula n'kulowa pansi. Anatuluka nkhope ili oyilo yekhayekha.

"Shafiti ya tayala lakumbuyo yathyoka, ndipo zidutswa zake zapanikiza mano a magiya m'kati mwa difu. Kumbuyo kwafa. Koma chandidabwitsa ine n'choti kutsogolo kumathamanga kuposa kumbuyo. Achimwene a Bizaliele, difu munaika ija, mano ake munawerenga?"

"Difu yake iti?" anafunsa a Kamchacha, pang'onopang'ono kwambiri.

Bizaliele anamasula tayi. "Ya timbale, Ababa. Ndinaika kutsogolo muli kuchipatala. Inalowa yokha, mabawuti onse..."

"Ndakufunsa za mabawuti ine? Mano a giya yaikulu unawerenga?"

"Imaoneka chimodzimodzi."

"Chimodzimodzi! Iwe ndi bulu mumaonekanso chimodzimodzi mukaima patali! Zaka zonsezi ukugulitsa masipeya sudziwa kuti mano akutsogolo ndi akumbuyo ayenera kufanana? Akasiyana, galimoto imalimbana yokha ngati agalu awiri pa chikopa chimodzi. M'matope matayala amaterereka, ndewu n'kuthera pomwepo. Paphula ithawire kuti?"

"Dolika, umuuze mkulu wakoyo kuti ndinanena ine, zowotcherera zimathyola shafiti."

"Dolika, umuuze wataiyo kuti shafiti yanga yakoka lole m'dambo osathyoka. Yathyoka polimbana ndi mbale zake."

"Wina anenenso kuti 'Dolika umuuze'," anakuwa a Kamchacha, "ndikamukwirira limodzi ndi nthochiyo! Ndipo iwe Dolika, unkadziwa zonsezi?"

"Ndinkadziwa, Ababa."

"N'kukhala chete?"

"Sindinafunsidwe. Ine ndi woiwala kandodo uja."

A Kamchacha anayang'ana kumwamba. Ngakhale ndi ng'ala, dzuwa ankaliona, ndipo linali litatsala mikono iwiri kuti likhudze phiri. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iwo anali ndi atatu.

Dolika sanadikire kuti amalize kutukwana. Anatenga masipanala, n'kulamula alongo ake ngati ana. "Inu gwirani apa. Inu masulani apo. Osayankhula." Anasolola mashafiti onse awiri akumbuyo, anamasula pulopela, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumbuyo chija, n'kuponya zonse pa nkhuni. Matayala akumbuyo anatsala ongotsatira ngati a ngolo. Musalire ananyamuka ndi miyendo yakutsogolo yokha, mwakachetechete ngati munthu wolapa, ndipo pachigwa anayenda bwino.

Koma pakati pa chigwa ndi kwa Dzamalala pali chitunda cha Mbuzisikwera, cha dothi lofiira loterera ngati therere. Musalire atayamba kukwera, kulemera konse kunathawira kumbuyo, mphuno n'kudzuka, matayala akutsogolo n'kumangopalasa pamwambamwamba ngati nkhuku pa simenti. Anayesa kawiri. Kawiri anabwerera.

"Masulani tcheni," anatero Dolika. Anatembenuza galimoto kuti iyang'anizane ndi lole maso ndi maso, n'kumanga tcheni ku bampala yakutsogolo. "Tikwera chafutambuyo. Matayala okoka akhale kumunsi, kumene kuli kulemera. Amayi anayi onenepa bwino akhale pa boneti. Amalume, inunso, mimba yanuyo lero igwire ntchito."

A Dzinkambani anagwira pakamwa. "Maliro chafutambuyo? Malodza amenewo! Chibadwire sindinaonepo. Anthu akati chiyani?"

"Alamu," anatero a Kamchacha, "sankhani msanga. Mlongo wanu chafutambuyo, kapena nthochi chakutsogolo."

A Dzinkambani anakwera pa boneti.

Onse otsala anatsika kukakankha. Musalire anayamba kubwerera chokwera, Dolika khosi litapotokera kumbuyo. Tayala lakumanzere linagwera poterera n'kuyamba kuzungulira pachabe, ndipo difu wamba ikanathera pomwepo. Koma m'kati munamveka kugwirana, tayala lakumanja n'kuluma nthaka, galimoto n'kusuntha phazi limodzi. Lakumanja linaterereka, lakumanzere n'kuluma. Phazi lina.

"Timbale!" ankakuwa Bizaliele, tayi ili m'matope. "Mwaona timbale? Dolika, umuuze..."

"Kankha, galu iwe!" anatero Lekisoni. Anali mawu oyamba kumuyankhula mwachindunji m'zaka ziwiri, ndipo Bizaliele anakankha.

A Kamchacha sanakankhe. Ankayenda m'mbali mwa lole, dzanja lili pa thabwa pafupi ndi bokosi, akukalipa njira yonse. "Nangondo, wandichita chipongwe. Wandisiyira zitsiru zitatu ndi mlamu wachinayi, iwe n'kungogona phee ngati sizikukukhudza. Wowotcherera uja ndi wako. Wa tayi uja ndi wako. Wouma mutu uyo ndiye ndi iwe ndendende. Ine ndizitani nawo? Ndikufunsa iwe!" Anakalipa mpaka mawu anasasa, kenako anaima kaye, khutu lili kubokosi, monga ankachitira zaka makumi anayi. Sipanamveke kanthu. Anapukuta kumaso ndi chipewa n'kutembenukira okankha. "Mukuyang'ana chiyani? Kankhani!"

Anthu a kwa Dzamalala anaona zimene sadzaonanso. Dzuwa litakhudza kale nsonga ya phiri ndi mlomo wake wam'munsi, pamwamba pa chitunda panatulukira matako a galimoto, kenako amayi anayi ndi mwini mbumba ali pa boneti, kenako lole yakufa. Agalu anathawa, ena mwa anthu anathawanso. Kumanda adzukulu anali atatsitsa kale thunthu la nthochi pa zingwe, mkulu wawo khasu lili m'mwamba.

"Imani!" anakuwa a Kamchacha ndi mawu otsala. Akuti khasu linaima lokha m'malere, mwini wake atalisiya.

"Dzuwa lakhudza phiri, bambo," anatero mkulu wa adzukulu.

"Lakhudza, silinalowe! Likalowa ndisanamalize ndikalitulutsa ndi tcheni. Chotsani nthochi yanuyo, mwini dzenje wafika!"

Anaichotsa. Nangondo anagona pambali pa mayi ake, dothi lomaliza n'kugwa kuwala kusanathe.

M'mawa mwake, anthu atasesa pamaliro, a Kamchacha anakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, dzanja lina makiyi, dzanja lina ndodo. Mudzi wonse unasonkhana, chifukwa lumbiro lochitira pa bokosi silibwezedwa.

"Ababa, ine sindichulutsa," anatero Lekisoni. "Popanda moto wanga, amayi akanagona m'dambo la Mtsukamiyendo pamodzi ndi achule. Pamenepo timbale tinalipo, dalaivala analipo, koma chinazula lole n'chiyani? Ndodo ipite kwa wosadziwa kuwerenga mano."

"Achimwene," anatero Bizaliele, ndipo anthu anadabwa kumva akumutchula, "munatulutsa amayi m'dambo n'kukawasiya pa mlatho. Ine ndinachenjeza pa galaja kuti chowotcherera chimathyola, munati mbale n'za kukhitchini. Chitunda cha Mbuzisikwera chakwera ndi chiyani? Zitsulo zanu zinali pa nkhuni, zikukwera ulere. Mano sindinawerenge, ndavomera. Koma ndinatuma uthenga. Ukanafika, tikanakhala pansi n'kuwerenga tonse. Mufunse amene anaudya."

Dolika anali akuchotsabe oyilo m'zikhadabo. "Ine ndinapempha difu ya kandodo, munandiseka. Ikanakhala imeneyo, m'dambo tikanamanga, paphula tikanamasula, amalume sakanakwera pa boneti. Aliyense anaika zake mobisa m'galimoto imene ndimayendetsa ine, kenako mukufuna ndikhale wonyamula mauthenga. Zitathyoka, analowa pansi ndani? Anaganiza zotembenuza galimoto ndani? Chitsulo sichinaganize. Ndipo paphula paja ndinapempha kuima, wina anati ponda."

"Wina wake ndani?" anabangula a Kamchacha.

"Mawu ndinawamva, Ababa, koma nkhope sindinaione. Maso anali pamsewu."

Anthu anabisa kuseka m'zitenje. A Kamchacha anadzuka, anakhalanso pansi. Anatambasula dzanja la makiyi kwa Lekisoni, n'kukumbukira phokoso la pa mlatho, dzanja la ndodo n'kuyamba kuyabwa. Anatembenukira kwa Bizaliele ndi ndodo, n'kukumbukira tayala likuluma dothi lofiira, ndodo n'kulemera. Anayang'ana Dolika, amene anafikitsa mayi ake ndi nzeru zake, yemweyonso amene mawu ake atatu okha akanapulumutsa shafiti, ndipo manja onse awiri anafuna kupita kwa iye nthawi imodzi. Anatukwana mtengo wa mango, anatukwana mpando, anatukwana a Dzinkambani amene sanalankhule kanthu. Dzuwa linafika paliwombo makiyi akadali kudzanja ili, ndodo kudzanja ilo, ndipo akuti mango onse anapsa tsiku lomwelo ndi kutentha kwa mawu awo.

Tsono inu mwamva zonse, kuyambira pa galaja mpaka kumanda. Bambo aja analumbira pa bokosi la mkazi wawo, ndipo sangadzuke pampandopo manja ali odzaza. Wowotcherera uja, wa timbale uja, ndi dalaivala wosunga mawu uja: makiyi a Musalire apite m'dzanja la yani, ndipo ndodo ithyokere pamsana pa yani?